Bote la Thanga Limene Linawolotsa Lusiya

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga, inu a kuno ku Maravia ndi inu amene muli kutali. Dzina langa ndine Firimina, ndimakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, kumunsi kwa Chipera. Amayi a mumpingo mwathu akhala akundiumiriza kuti ndifotokoze zimene tinadutsamo amuna anga atadwala matenda ofa ziwalo, ndipo lero ndavomera. Sindibisa, nkhaniyi ndimainyadira. Ndimanyadira Mulungu amene anatikumbukira, ndimanyadira amuna anga, ndiponso manja angawa amene anaphunzira ntchito imene palibe mkazi wa m'mudzi mwathu anaigwirapo.

Amuna anga, bambo a Lusiya, anali munthu wa pamadzi. Anali ndi bote la matabwa la motori, ndipo ankawolotsa anthu, mbuzi, chimanga ndi nsomba zouma kupita kutsidya. Ndi munthu wamkulu thupi, moti masiku amenewo ankanyamula motoriyo paphewa okha kuchokera kugombe mpaka kunyumba. Tsiku lina m'mawa akumasula chingwe cha bote anangogwa chafufumimba pamchenga. Kuchipatala anatiuza kuti magazi anathamanga kwambiri mpaka kuwononga mbali imodzi ya thupi. Tinabwerera kumudzi dzanja ndi mwendo wa kumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka movutikira.

Bote linakhala pamtunda nyengo yonse ya mvula. Pamene tinaganiza zoti wina aziliyendetsa, motori inali itadyedwa ndi dzimbiri, ndipo mekaniku amene anaitsegula anangopukusa mutu n'kuitsekanso. Munda wathu ndi waung'ono ndiponso wa miyala, chifukwa ife tinkadalira nyanja. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Lusiya, anali atakwatiwa ku Fíngoè. Ndinatsala ndekha ndi munthu wofunika kumusambitsa, kumuveka ndi kumutulutsa panja kuti aothe dzuwa.

Chimene chinandipweteka kuposa njala ndi mawu a alamu anga. Anabwera kudzazonda, anazungulira bote lija akuligogoda ndi chala, kenako anati, "Mlamu, matabwa awa ndi abwino, musawawononge. Adzafunika posachedwa." Ankanena za bokosi la maliro, ndipo ankalankhula mokweza ngati m'bale wawoyo anafanso makutu. Bambo a Lusiya anali pakhonde ndipo anamva zonse. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kufuna kutuluka panja, chakudya ankangochilawa, ndipo ndikamawatembenuza pamphasa ankati ndikuvutika ndi katundu wopanda mwini.

Ine ndinakana kuti bote liphwasulidwe. Ndinkaona asodzi ena akamabwerera kuchokera kokoka ukonde akuimika saka pamtengo kuti mphepo iwakankhe m'malo mopalasa. Ndinatenga lona limene tinkayanikapo chimanga, ndinalidula, ndinalisoka ndi ulusi wa ukonde, ndinaimika mlongoti wa nsungwi, ndipo ndinapempha kalipentala wa mumpingo kuti andikhomere chiwongolero kumbuyo kumene kunkakhala motori. Anthu anabwera kudzaonerera ngati kuli gule.

Mphepo ikakhala kumbuyo, zinkayenda. Vuto linali mphepo ikamawomba cha m'mbali, ndipo kuno imakonda kuwomba choncho ukamalunjika kutsidya. Bote linkapendekeka kwambiri, madzi n'kumachita phokoso m'mphepete mwa matabwa, thovu lili mbuu. Ine ndinkakondwera, ndinkaganiza kuti kupendekekako ndiye liwiro, ndipo ndinkakokanso chingwe cha thanga kuti lipendekeke koposa. Koma ndinkadabwa kuti gombe silikuyandikira, mikono ikuwawa chifukwa cholimbana ndi chiwongolero, ndipo tsiku lina nkhalamba ina yopalasa kabwato ka mwadiya inandipitirira n'kundipatsa moni mwaulemu.

Kenako linafika tsiku loipa. Ndinanyamula chimanga chathu chomaliza kupita nacho kuchigayo cha m'mudzi wa patsogolo. Ndisanapite patali kunabwera mphepo yamphamvu, bote linagona, madzi analowa, ndipo thumba lija linagubuduka n'kumira ine ndikuona. Ndinabwerera kumtunda ndikupalasa, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno. Sindinathe kupita kunyumba kukawauza bambo a Lusiya. Ndinakhala pamwala dzuwa lili pamutu, ndipo ndinapemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati, Ambuye, munatenga dzanja la amuna anga, ndinakhala chete. Munatenga motori, ndinakhala chete. Tsopano chimanga mwapatsa nsomba. Ngati simukufuna kuti ndiyende pamadzi pano ndiuzeni, ndipo ngati mukufuna, nditumizireni munthu wondiphunzitsa, chifukwa nzeru zanga zathera pamwala pano.

Ndisanapukute n'komwe misozi ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga. Anali bambo wina wachikulire wa ndevu zaimvi, wovala kofiya, amene ndinkamuona masiku amenewo akugula kapenta wouma kwa asodzi. Dzina lake linali Momade. Kwawo kunali ku Angoche, kunyanja ya mchere. Anabwera ku Fíngoè kudzakumba golide, koma fumbi la m'maenje linamuwononga chifuwa, ndiye anayamba malonda a nsomba. Chinyanja chawo chinali chothyokathyoka, chosakaniza ndi Chipwitikizi.

"Mama, ndakhala ndikukuonani," anatero. "Bote lanu ndi labwino, koma mumaligoneka. Chogona sichithamanga."

Ndinakwiya, ndipo ndinawafunsa ngati anabwera kudzandiseka. Anati ayi, iwo anakulira m'mabote a matanga, bambo awo ndi agogo awo sanagwirepo motori, ndipo ngati ndikufuna akhoza kundionetsa. Ndinangonyamuka ulendo wa kunyumba. Mumtima ndinkayembekeza kuti Mulungu akanditumizira munthu adzakhala wa mumpingo mwathu, osati Msilamu wachilendo wogula nsomba. Komanso ndinkadziwa pakamwa pa anthu: mkazi wa munthu wodwala kukwera bote awiriwiri ndi mwamuna wobwera, mudzi wonse ukanadya nkhani imeneyo.

Nditawafotokozera bambo a Lusiya, za chimanga ndi za mlendoyo, anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mukawauze abwere. Inenso ndikwera, anthu asowe chonena."

M'mawa mwake tinawanyamula pa njinga mpaka kugombe. Aka kanali koyamba kuona nyanja chidwalire. A Momade atawaona kukula kwawo anaseka mokondwa, anawagwira dzanja lamoyolo ndi manja awiri, n'kunena kuti kwawo munthu wolemera thupi chonchi amamulimbirana, chifukwa amaposa matumba a mchenga: thumba sulingaliuze kuti sunthira uko. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikusintha. Chidwalire, palibe amene anawauzapo kuti thupi lawolo lili ndi ntchito.

Tisanalowe m'madzi a Momade anakonza zinthu zingapo. Anakhoma thabwa lalitali pansi pa mimba ya bote kuti lisamatsetsereke cham'mbali ngati nkhanu. Anasokerera tizingwe m'munsi mwa thanga kuti lizitha kupindidwa n'kuchepa. Kenako anatenga botolo la pulasitiki, analidzaza madzi, analimanga ku chingwe chachitali n'kuliponya kumbuyo kwa bote, ndipo nsonga ya chingwecho anandikulunga nayo pachala.

Tinayenda monga ndinkayendera ine, thanga lonse, tonse titakhala pakati. Bote linagona, phokoso lili lonselo. A Momade anati ndimvetsere mmene chingwe chikukokera chala changa. Kenako anauza bambo a Lusiya kuti asunthire mbali yochokera mphepo, iwonso anakhala komweko, ndipo anandiuza kuti ndimasuleko pang'ono chingwe cha thanga. Bote linadzuka. Phokoso linachepa, chiwongolero chinapepuka moti ndikanatha kuchigwira ndi zala ziwiri, ndipo ine ndinaganiza kuti taima. Koma chingwe cha botolo chija chinandikoka chala mpaka kuwawa. Tinali tikuthamanga kuposa kale lonse.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, akuonetsa ndi manja pamene mawu anawasowa. Bote likapendekeka kwambiri, mbali yapansiyo imakumba madzi ngati khasu, ndipo phokoso limene ndinkalikonda lija inali mphamvu yotayika. Mphuno ya bote imafuna kutembenukira kochokera mphepo, ndiye umapingasa chiwongolero kuti uliwongole, ndipo chiwongolero chopingasa chimakoka bote m'mbuyo ngati ukukoka nthambi m'madzi. Thanga nalo likagona, mphepo yambiri imangodutsa pamwamba, ndipo yotsalayo imakanikizira bote pansi m'malo molikankhira kutsogolo. Koma anatinso lisamaime njo ngati mtengo nthawi zonse. Kupendekeka pang'ono ndi kwabwino, ndipo mphepo ikakhala yofooka munthu amakhala dala mbali ya thanga kuti lilendewere lokha n'kupanga mimba yogwira kamphepoko. Kuti ndisamangoganizira, anazokota chizindikiro ndi mpeni pa nthiti imodzi ya m'kati mwa bote, uku ndi uku. Anati timadzi totsalira pansi m'bote tikakwera kufika pachizindikirocho, ndiye malire. Tikapitirira, ndisunthe anthu, ndimasule chingwe, kapena ndipinde thanga.

Tinaphunzira chilimwe chonse, masiku amene a Momade ankadikira kapenta kuti aume. Nthawi yawo yopemphera ikakwana tinkakocheza, iwo n'kuyala nsalu pamchenga, ife n'kudikira. Lamulungu iwonso ankatidikira kuti tituluke m'tchalitchi. Sanapemphe kanthu kupatula tiyi wa masamba a mandimu, amene ankati amawafewetsa chifuwa. Bambo a Lusiya anaphunzira kudzikoka ndi dzanja limodzi kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo anayamba kuona mphepo pamadzi isanafike n'kundichenjeza. Tinayambanso kunyamula katundu wa anthu m'midzi ya mbali yathu ino. Mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, a Momade anati chifuwa chawo chikufuna mphepo ya kwawo. Anakwera galimoto ya nsomba n'kupita, ndipo analibe foni.

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri, ndipo msewu wopita ku Fíngoè, kumene kuli chipatala, unaduka. Lusiya anali atabwera kwathu kudzadikira mwana wake woyamba, mwamuna wake atatsala ku maenje a golide. Matenda anamuyamba masana, ndipo kunja kunacha mwana asanabadwe. Azamba a m'mudzi mwathu, a Nachisale, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti mwana wapingasa, iwo sangathe, ndipo akufunika chipatala lero lomwe. Njira inali imodzi yokha, kuwoloka nyanja, chifukwa kutsidya kuli chipatala chaching'ono ndi msewu wabwino. Mabote a motori a m'mudzi mwathu anali pamtunda, mafuta a gazolina atatha chidukire msewu.

M'mawa umenewo mphepo inali yaukali, mafunde ali ndi mitu yoyera mpaka kumene maso amalekezera. Amuna amene anasonkhana pagombe anati palibe angapalase pamenepo, tidikire madzulo mphepo igwe. A Nachisale anayankha kuti mtsikanayu madzulo sawafika. Ndinati ndipita ndi thanga. Bambo wina wamphamvu, msodzi, anadzipereka kuti akwere m'malo mwa amuna anga, poti ulendowu si wa munthu wodwala. Ananena mwachifundo ndithu. Koma bambo a Lusiya, amene anali atadzikoka kale ndi ndodo mpaka m'madzi, anamuyankha momveka bwino kuposa mmene ndinawamvera chidwalire: "Mwanayo ndi wanga, ndipo malo anga m'botemu ndikuwadziwa."

Tinamugoneka Lusiya pansi pakati pa bote, a Nachisale atamugwira mutu. Ndinapinda thanga mpaka linatsala laling'ono. Amuna aja anang'ung'udza kuti munthu wofulumira sachepetsa thanga, koma ndinalibe nthawi yowafotokozera. Amayi a mumpingo anayamba kupemphera mokweza, asodzi anatikankha, ndipo tinanyamuka.

Sindinayendepo pa nyanja yotero. Mafunde ankamenya mbali ya bote n'kutithira madzi kumaso, ndipo a Nachisale ankakapa ndi chigubu chodula uku akumulimbitsa mtima Lusiya. Titafika pakati, pamene gombe lakwathu linali litachepa ndipo lakutsidya likuoneka ngati silikusuntha, Lusiya anasiya kubuula. Kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa kulira. A Nachisale anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi a Lusiya, tambasulani nsalu yonseyo, mwanayu akutisiya." Zonse zimene ndinaphunzira zinachoka m'mutu. Ndinatambasula dzanja kuti ndimasule tizingwe tija.

"Taonani nthiti," anatero amuna anga.

Ndinayang'ana. Madzi a pansi m'bote anali ndendende pachizindikiro cha mpeni chija. Bote linali likupereka kale liwiro lake lonse, ndipo ndikanawonjezera thanga likanagona, tikanachedwa, mwinanso kumira tonse. Ndinabweza dzanja langa pachiwongolero. Palibe chinthu chovuta chimene ndinachitapo m'moyo kuposa kusiya thanga lili laling'ono mwana wanga ali chete pamapazi anga. Ndinangoti, Ambuye, bote ndikuligwira ine, mwanayo mugwireni Inu.

Patangopita kanthawi amuna anga anandichenjeza kuti kukubwera mphepo yaikulu, anaiona madzi akuda patsogolo. Inatimenya, bote linapendekeka mpaka madzi anayamba kulowera pamwamba pa thabwa. Ndinamasula chingwe cha thanga, ndipo iwo anakulunga chingwe china pamkono wawo wamoyo n'kudziponya chagada kunja kwa bote, msana wonse uli pamwamba pa mafunde, mwendo wamoyo utakola pansi pa mpando. Munthu wa dzanja limodzi akagwera pamenepo sasambira. Bote linadzuka pang'onopang'ono, ndinakokanso chingwe, ndipo tinapitirira.

Pafupi ndi gombe la kutsidya pali mitengo youma imene inamira pamene nyanjayi inkadzaza atamanga damu, ndipo nsonga zake zimaonekera pamwamba. Mphepo inali itatikankhira komweko, ndiye ndinayenera kutembenuza bote kuti thanga lipite mbali inayo. Izi zinatanthauza kuti bambo a Lusiya awoloke bote lonse mofulumira, apo ayi kulemera kwawo komweko kukanatigubuduza. Sindikanatha kusiya chiwongolero kuti ndiwathandize, a Nachisalenso manja awo anali pa wodwala. Ndinawauza kuti ndikutembenuza. Anadzigwetsa pansi, anakwawa ndi chigongono akukoka mwendo wakufawo, anadutsa kumapazi kwa mwana wawo, ndipo pamene thanga linkadzaza mphepo mbali inayo, iwo anali atagwira kale thabwa la m'mphepete. Tinadutsa mitengo ija pafupi moti ndikanatha kuikhudza ndi nkhafi.

Tinakocheza dzuwa lisanafike pamutu. Anthu a kumeneko, amene sitinkawadziwa n'komwe, anamunyamula Lusiya pa nsalu ya kapulana n'kuthamanga naye. Anamwino atangomuona anaitanitsa ambulansi yopita kuchipatala chachikulu, ndipo ine ndi a Nachisale tinakwera nawo. Kumeneko anamuchita opaleshoni. Madzulo, nthawi imene tikanakhala tikunyamuka kumene tikanadikira mphepo kuti igwe, ine ndinali nditanyamula mdzukulu wanga wamkazi, ndipo Lusiya anali atatsegula maso n'kupempha madzi.

Amuna anga anatsala pagombe ndi bote, ndipo asodzi a kumeneko anawasunga. Nditabwerera kukawauza, ndinawapeza atakhala pamchenga, mkono uli ndi chilonda chozungulira pamene chingwe chinadya khungu. Ndinawauza kuti onse awiri ali moyo. Anaphimba nkhope ndi dzanja lawo limodzilo, mapewa akugwedezeka, ndipo ine ndinakhala pambali pawo mpaka anamaliza.

Abale anga, sindikuuzani kuti bambo a Lusiya anachira. Dzanja la kumanja likadali lakufa, ndipo amayendabe ndi ndodo. Ndinapempherera machiritso nthawi yaitali, ndipo Mulungu anandiyankha mwa njira ina imene sindinaiganizire. Lero timawolotsa anthu ndi katundu, iwo ndi ine, ndipo msewu ukaduka mudzi wonse umadziwa khomo logogoda. Asodzi awiri abwera kale kudzapempha kuti ndiwasokere matanga ndi kuwazokotera nthiti, ndipo ndinawaphunzitsa ndi botolo ndi chingwe monga ndinaphunzirira ine. Mdzukulu wathu akuyenda tsopano, ndipo ndi wamakani ngati agogo ake aamuna.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mkazi wokwiya atakhala pamwala. Ndikuthokoza a Nachisale, amayi a mumpingo, ndi anthu a kutsidya amene ananyamula mwana wa mlendo ngati wawo. Inu amene mukusamalira wodwala ndipo mwatopa, inu amene anthu anakuwerengerani kale kumanda mukadali ndi mpweya, musataye mtima. Pempheranibe, ngakhale mawu ake atuluke okhota, ndipo thandizo likabwera litavala zovala zimene simunayembekeze, musalibweze pakhomo.

Ndili ndi pempho limodzi. A Momade sakudziwa chilichonse cha zimenezi, ndipo sindikudziwa ngati chifuwa chija chinawasiya ndi moyo. Ngati pali wina mwa inu amene amafika ku Angoche, mukafunse za bambo wa ndevu zaimvi amene anakagulapo kapenta ku Maravia. Mukawapeza, mukawauze kuti Firimina ndi amuna ake akupereka moni, ndipo kuti tsiku la mphepo yaikulu tinawoloka anthu anayi, koma pobwerera tinali asanu.